Apongozi Obwereka

Ndamanga nyumba zisanu ndi imodzi chikwatirire Walul, ndipo m'nyumba zinayi mwa zimenezo ndakhala ndi apongozi anga. Nkhope yawo sindiidziwa. Ndimadziwa kukhosomola kwawo kwa m'mawa. Ndimadziwa kuti amakonda nkhanu kuposa nsomba. Dzina lawo ndimalidziwa, koma silinatulukepo pakamwa panga, ndipo silituluka pano.

Nyumba yathu ili pamwamba pa mtengo, monga nyumba ya munthu aliyense wanzeru. Pakati pake pali chipupa cha mapesi a sago, mtengo wonga kanjedza umene umatipatsa ufa wa chakudya chathu. Uku ndi kwanga, uko ndi kwa akazi, mbali iliyonse ili ndi moto wake ndi khomo lake. Ndikapha nguluwe, mwendo ndimaudutsitsa pamwamba pa chipupa, dzanja lina limaulandira. Iwo akafuna kutsika amakhosomola kawiri, ine ndimayang'ana kudenga mpaka mtengo wokwererapo utasiya kugwedera. M'njira iwo amayenda akuimba, ine ndimayenda ndikugogoda mitengo ndi nkhwangwa, ndipo amene wayamba kumva mnzake ndiye amalowa m'tchire. Mwamuna akawaona apongozi ake, akawakhudza, kapena akadya nawo mtanda umodzi wa sago, iye sadwala. Amadwala ndi mwana wake. Mafupa amafewa, mwana amangofota.

Walul anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anandisiyira mwana mmodzi, Sinale, ndi mayi ake. Sindinakwatirenso. Anthu ankandifunsa chifukwa chake, ine ndinkawayang'ana mpaka anasiya.

Sinale ankaphunzira kumudzi wa Wanggalo, ulendo wa theka la tsiku kutsika ndi mtsinje, kumene nyumba zimakhala pansi ngati makola a nkhumba. Kumeneko kuli bwalo la ndege, tchalitchi, ndi Aphunzitsi Obaja. A Obaja kwawo ndi kumapiri. Mpingo wawo unawatuma kudzatiphunzitsa Mulungu ndi kuwerenga. Ndi munthu wabwino. Anandichotsapo munga pabondo, ndipo anadikira kuti munga utuluke asanayambe kundilalikira. Koma zaka zitatu zinali zitatha, ndipo tchalitchi chawo chinkadzaza pa tsiku logawa mchere lokha. Anthu a ku Wanggalo ali ndi malaya a Lamulungu. Azungu ojambula akabwera, malayawo amawabisa m'nthochi, amakwera m'nyumba yaitali kwambiri imene palibe anagonamo, amalandira fodya ndi zikwanje, kenako amatsika kukavala. A Obaja ankadandaula ndi kuvula, azungu ankadandaula ndi kuvala, anthu ankayesetsa kusangalatsa onse.

Tsiku lina a Obaja anabwera kwathu. Anaima pansi pa mtengo wokwererapo, anauyang'ana, anapemphera, anavula nsapato, anapempheranso. Anafika pamwamba atatuwa.

"Bambo Bofun, mwana wanu ali ndi mutu," anatero atapeza mpweya. "Mpingo uli ndi sukulu ya anamwino kutauni. Atipatsa malo amodzi. Mwezi ukaoneka Abusa Tuhumena abwera pa ndege, ndipo pobwerera atenga mwana amene ine ndamulembera kalata."

Sinale anali chikhalire pamene chipupa chimathera. Sago amene ankawotcha anapserera iye akumuyang'ana.

Ndinatembenukira kuchipupa. "Inu a kuseriko, mwamva?"

"Tamva," anayankha apongozi. "Afunseni ngati kutauniko kuli sago. Mwanayu mpunga umamutupitsa mimba."

A Obaja anayang'ana ine, anayang'ana chipupa. Pansi pa chipupacho pali kampata, ndipo anawerama kusuzumira. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Kuli mayi kumeneku. Ndikuona phazi la zala zinayi," anatero. Zimenezo sindinkazidziwa. "Bwanji sakubwera kudzakhala nafe?"

"Ndi apongozi anga."

"Ndiye?"

"Ndiye ndi apongozi anga."

"Mumadyera limodzi?"

"Ayi."

"Munagwiranapo chanza?"

"Ayi."

"Dzina lawo ndani?"

Ndinasonkhezera moto.

"Zimenezi zayamba liti?"

"Nyumba zinayi."

A Obaja anapukusa mutu. "Kwathu kumapiri, ine ndi apongozi anga timasuta ndudu imodzi. Uwu ndi udani, bambo."

"Si udani, aphunzitsi," anatero Sinale. "Ndi ulemu. Ndi mwambo wathu."

"Mwana iwe, udani uliwonse ukakalamba umadzitcha mwambo."

Maso awo anali atawala ngati a mlenje amene wazungulira nkhalango zaka zitatu ndipo lero waona mapazi a nguluwe. Anakhala bwinobwino, anaiwala kuti ali pamwamba.

"Tichita chonchi. Abusa akabwera, inu ndi amayiwa mudzaima kutsogolo m'tchalitchi. Mudzawayang'ana kumaso, mudzawatchula dzina, mudzagwirana chanza, mudzanyema sago mmodzi. Mukatero ndilemba kalata. Sindingatumize mwana wa m'nyumba ya chidani kuti akasamalire odwala."

"Mwana adwala," ndinatero.

"Sadwala. Amenewo ndi mantha a mumdima."

"Akadwala?"

"Tidzamupempherera."

Anatsika chafutambuyo, akuitana Mulungu pa phazi lililonse.

Masiku atatu sindinalankhule. Palibe anazindikira. Sinale anali atalongeza kale thumba lake loluka: diresi, cholembera, ndi mkanda wa mano a agalu wa mayi ake. Tsiku lachinayi anabwera kumoto wanga.

"Ababa, mwina aphunzitsi akunena zoona. Ku Wanggalo a Yakobus anagundana ndi apongozi awo pakhomo la tchalitchi, maso ndi maso. Ana awo ali bwinobwino."

"Ali ndi ana asanu," ndinatero. "Ine ndili ndi iwe."

Anabwerera kumbali kwawo. Ndinamumva akutulutsa zinthu m'thumba chimodzichimodzi, kenako akulipachika pamsomali. Akanalira kunali bwino. Sanalire, anatengera ine.

Dzuwa litapendeka, iye atatsika kukatunga madzi, chipupa chinalankhula.

"Inu a uko. Mphunzitsi uja anaona chiyani cha ife?"

"Phazi."

"Phazi basi?"

"Basi."

"Ndiye kwa iye apongozi ndi phazi ndi imvi. Kodi nkhalamba zatha m'nkhalango muno?"

Ndinamva chimene ankanena. Ndinayamba kuwerenga amayi achikulire a m'dera lathu. Onse anali atapitako kukalandira mchere, ndipo a Obaja ankawadziwa nkhope ndi matenda awo omwe. Kupatula apongozi, amene sanapondeko ku Wanggalo anali mmodzi yekha.

"Ayi," ndinatero.

"Sitinatchule munthu."

"Ayi."

"Chabwino. Ndiye mwanayu akalambira pa sago ngati ife."

Mmodziyo anali Dofale, mayi amene amakhala tsidya lina la kamtsinje. Ankasinja sago ndi Walul kuyambira Walul ali kamtsikana. Tsiku lina anagawana nkhanu imodzi, ndipo monga timachitira, kuyambira pamenepo sanatchulanenso maina, ankangoitanana kuti nkhanu yanga. Tsiku loika Walul, anthu onse ali pomwepo, Dofale anandiloza chala nati ndine khakhua, mfiti yodya anthu, ndinamudya mkazi wanga m'kati ali moyo. Kale mawu amenewo ankathera pa mivi. Alongo ake a Walul anayamba kundiyang'ana mwa mtundu wina. Amene anandipulumutsa ndi apongozi. Anakuwa ali kuseri kwa chitsamba kuti, "Munthu amene sanabepo ngakhale nkhanu yanga imodzi angadye mwana wanga?" Kuyambira tsiku limenelo sindinalankhulenso ndi Dofale. Ndinasintha njira. Mitengo yanga isanu ya sago inali pafupi ndi kwawo, ndinaisiya, inachita maluwa n'kufa.

Tsiku lachisanu ndinakhala. Lachisanu ndi chimodzi ndinanola nkhwangwa yakuthwa kale. Lachisanu ndi chiwiri ndinawoloka kamtsinje.

Dofale anasuzumira ali pakhomo pake m'mwamba.

"Ndani waima apo ngati chitsa? Aa, ndi wakudya anthu uja! Njala yakubweretsa? Ine ndi mafupa okhaokha, pita kwina."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana nkhumba yake. Sizinatenge nthawi. Iye anaseka mpaka anagwira mtengo wa pakhomo kuti asagwe.

"Ine ndikhale apongozi ako? Ine? Ukanakhala mkamwini wanga bwenzi nditadzilasa ndekha."

"Tsiku limodzi."

"Udzandigwira dzanja?"

"Eya."

"Anthu akuona?"

"Eya."

"Adzandilola kulankhula?"

Ndinayang'ana nkhumba.

"Ndikufunsa iwe, chitsa!"

"Aphunzitsi amakonda anthu olankhula."

Anasiya kuseka. "Ndibwera. Usaganize kuti n'chifukwa cha iwe. Mwana uja amaseka ngati nkhanu yanga. Komanso ndamva kuti wokhululuka amam'patsa diresi."

Ine sindinauze munthu. Apongozi akuti sanauze munthu. Dofale anauza anthu awiri okha. Pofika tsiku la ndege, nkhani inali itafika mpaka kumutu kwa mtsinje.

Lamulungu limenelo ku Wanggalo kunabwera anthu amene sanamvepo belu chibadwire. Ena anayenda masiku awiri. Anabwerekana malaya, wina anavala malaya, mbale wake kabudula. Tchalitchi chinadzaza, ena anakwera m'mawindo, ena anakwera padenga chifukwa n'kumene anazolowera. A Obaja ankawerenga mitu misozi ili m'maso.

Abusa Tuhumena ndi munthu wa kuzilumba za kunyanja, wamkulu thupi, wa malaya oyera ndi kampango kopukutira thukuta. Atatsika ndege anaima kuyang'ana khamulo.

"M'bale Obaja, m'makalata ako unkati anthu ako ndi khumi ndi awiri."

"Mbewu yamera, abusa."

"Yamera ndithu. Amenewa onse afuna Mawu?"

"Afuna kuona udani ukutha, abusa."

Pamenepo sananame.

Kutsogolo m'tchalitchi a Obaja anali atamangitsa kachipupa ka mapesi a sago, kofanana ndi ka kwathu. Anandiimika mbali ina. Mbali inayo anaimika Dofale, atavala diresi lachikasu lofika pansi, lochokera m'katoni ya zovala za mpingo. Sinale anakhala pa benchi yoyamba, thumba lake lili pamiyendo. Kunja, kuseri kwa tchalitchi kumene kuli nthochi, ndinamva kukhosomola kumene ndimakudziwa. Ndinasiya kuyang'ana kuwindo limenelo.

A Obaja analalikira nthawi yaitali, pang'ono m'chinenero chathu, pang'ono m'chinenero cha boma kuti abusa amve. Anati kuli mdima waukulu m'nkhalango muno, mdima woti mwamuna amakhala ndi mayi wa mkazi wake nyumba zinayi osamuyang'ana. Amuna onse anagwedeza mitu mwachisoni. Aliyense wa iwo anali atalowera khomo losiyana ndi la apongozi ake, ndipo amayi asanu ndi awiri anali atakhala chofulatira, akuyang'ana kukhoma. A Obaja ankati amayiwo ndi amanyazi.

"Lero chipupa ichi chigwa!" anakuwa, n'kuchikankha.

Sichinagwe. Amene anachimanga ndi anthu athu, ndipo ife chipupa chotere sitimanga mwachibwana. Anachikankhanso. Abusa anaika foni m'thumba n'kubwera kudzathandiza. Anakankha awiri, thukuta lili kamukamu, mpaka mkulu wina wa kumutu kwa mtsinje anawamvera chisoni, anadzuka n'kudula chingwe chimodzi ndi mpeni wa fupa. Chipupa chinagona pansi.

"Bambo Bofun, yang'anani amayi anu."

Ndinayang'ana. Zaka zisanu ndi chimodzi ndi zambiri. Mano ake akutsogolo anali atapita, ndipo anali atafupika.

"Atchuleni dzina."

"Dofale."

Kumbuyo mayi wina anathamangira kunja atatseka pakamwa ndi manja onse. Mnyamata amene anali pawindo anagwera panja.

"Asiyeni," anatero a Obaja. "Mawu akuwalasa."

Kenako analakwitsa. Anatembenukira kwa Dofale nati, "Amayi, mkamwini wanuyu anakulakwirani chiyani? Tulutsani zonse, musasiye kanthu mumtima."

Dofale anapukuta pakamwa ndi diresi.

"Zonse? Khalani pansi, aphunzitsi, mutopa. Choyamba, munthuyu salankhula. Walul anakwatiwa ndi chitsa. Ukamupatsa moni amayang'ana nkhumba yako. Chachiwiri, akagawa nyama amapereka mwendo kunyumba kwake, ife anansi amatipatsa khutu. Chachitatu, anasiya mitengo isanu ya sago kufa pakhomo panga, ine ndikugona ndi njala, chifukwa cha mtima wake wouma ngati chigoba cha kamba."

Anthu ankaseka poyera tsopano. A Obaja ankamasulira abusa mwachidule. Abusa ankagwedeza mutu akunena kuti, "Zoona, zoona, m'mabanja monse zimakhala choncho."

"Chachinayi," anatero Dofale, ndipo mawu ake anatsika. "Walul atadwala, uyu anangokhala pambali pake ngati mwala. Atamwalira, ife tonse tinagubuduzika pansi. Uyu anaima chilili, maso ouma. Ndinati ndi khakhua. Ndinanena pamaso pa anthu, ambiri a inu munalipo."

Kuseka kunatha. Alongo ake a Walul anali pa benchi yachitatu, anazyolika. A Obaja anasiya kumasulira.

"Nanga munthu wosalira maliro a mkazi wake ndi chiyani?" anafunsa Dofale. Sankafunsa a Obaja. Ankafunsa ine.

"Yankhani, bambo Bofun," ananong'ona a Obaja.

Sindinafune. Zimenezi sitinapangane. Ndinaganiza zotuluka, kukwera bwato n'kubwerera kumtengo wanga kumene palibe amandifunsa mafunso. Koma Sinale anali atakumbatira thumba lija ngati mwana wakhanda.

"Ndinalira," ndinatero.

"Kuti? Ife sitinaone."

"Kudambo. Kumene kulibe anthu."

"Masiku angati?"

"Ndimapitabe."

Dofale anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anandizungulira ngati akugula nkhumba. Anandigwira nthiti ndi chala.

"Taonani nthiti izi, anthu inu. Khakhua amakhala wonenepa. Uyu sangamalize ngakhale buluzi." Anapumira m'mwamba. "Ndinanama. Mundimve nonse, ndi inu a pa benchi yachitatu. Chisoni chinandikwera kumutu, ndipo chitsa ichi n'chimene chinali pafupi."

Anatambasula dzanja. Ndinaligwira. Linali lopepuka ngati phiko la mleme. A Obaja anabweretsa mtanda wa sago, tinanyema, tinadya. Iye anatenga chidutswa chachikulu.

Abusa Tuhumena ankalira poyera, kampango konse kanyowa. Kenako anayang'ana mufoni yawo nati chala chawo chinatseka chithunzi, tibwereze. Tinagwirananso chanza. Anati kuwala sikunali bwino, tisunthire kukhomo. Tinagwirana kachitatu.

"Ukandifinyanso choncho ndibweza mawu anga," anatero Dofale akumwetulira foni.

Posunthira kukhomoko anayenera kudumpha chipupa chogwa chija, ndipo anakweza diresi mpaka m'mawondo. A Obaja anayang'ana pansi. Ndinaona milomo yawo ikuwerenga zala za phazi la Dofale. Anayang'ana phazi linalo, anawerenganso. Kenako anayang'ana ine. Anayang'ana tchalitchi chodzaza mpaka padenga, anayang'ana abusa amene ankapukuta misozi.

"Tiimbe nyimbo," anatero.

Mapemphero atatha anandiitanira m'nyumba mwawo. Patebulo panali pepala loyera ndi cholembera chotseka. Kunja woyendetsa ndege ankati mitambo ikubwera, anthu afulumire.

"Bambo Bofun, chala chija chamera liti?"

"Mwakhala mukupemphera kwambiri, aphunzitsi."

"Musandiseke. Mwandinamiza m'nyumba ya Mulungu, pamaso pa abusa anga. Tchalitchi chonse chimadziwa?"

"Eya."

"Ndi a padenga omwe?"

"Iwo ndiwo anayamba kudziwa."

Anagwira mutu ndi manja awiri. Ndinawamvera chisoni.

"Apongozi anu enieni ali kuti?"

"M'nthochi."

"Ndikawaitana pano, muwayang'ana?"

"Ayi."

"Ngakhale kalata ndisalembe?"

"Ngakhale."

"Ndiye mumawada chotani amayi amenewa?"

"Ndikanawada bwenzi nditawayang'ana kalekale."

Anadzuka, anapita pawindo, anabwerera. Anatenga cholembera, anachibwezera patebulo.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi. Pa zonse zachitika mujamu, chilipo choona?"

"Mayi uja sindinalankhule naye zaka zisanu ndi chimodzi."

"Chifukwa cha mwambo?"

"Chifukwa cha udani."

"Udani weniweni?"

"Weniweni."

"Ndipo watha?"

"Ukutha."

A Obaja anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinaona nkhope yawo ikukonza nkhaniyo kuti ikwane m'mutu mwawo. "Ndiye kuti panali udani," anatero. "Ndinalalikira za udani. Udani watha m'tchalitchi changa. Ndinangophonya khomo." Anatsekula cholembera. "Mulungu amalasa ndi uta wokhota, bambo Bofun."

"Uta ndi wanu, aphunzitsi."

Analemba. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zazikulu, ndipo pomaliza anauzira pepala ngakhale linali louma. Asanandipatse analigwira kaye.

"Abusa asamve."

"Ine sindilankhula."

"Inu sindikukuopani. Ndikuopa wa diresi lachikasu."

Pabwalo la ndege abusa anawerenga kalata, anagwira Sinale pamutu, kenako anaitanitsa ine ndi Dofale. Anati zimene aona lero sanazionepo chiyambire ubusa wawo. Anati chithunzi chathu chikapachikidwa kulikulu la mpingo. Analamula kuti Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, mkamwini ndi apongozi ake azikhala limodzi pa benchi yoyamba, kuti ena atengerepo phunziro. A Obaja anayang'ana mitambo.

"Afunseni ngati diresi lizibwera mwezi uliwonse," anatero Dofale.

A Obaja sanamasulire.

Sinale anathamangira kaye kunthochi. Ine ndinafulatira n'kuyang'ana kumtsinje. Ndinamva agogo ake akumuuza kuti asamasambe madzi a anthu odwala, asamadye mpunga wambiri, ndipo mwamuna aliyense wa kutauni amene adzamufune adzayambe wafunsidwa ngati amatha kumanga chipupa. Kenako mapazi ake anabwera kwa ine. Anaima pambali panga. Tonse tinayang'ana mtsinje.

"Ababa."

"Eya."

"Munene kanthu."

Ndinafunafuna. "Ukadwala, utumize mawu."

"Sindidwala. Simunawaone."

Anakwera. Ndege inathamanga, inadzuka, inalowa m'mitambo. Ndinaima mpaka phokoso litatheratu. Kunthochi munthu ankalira mokweza, ndipo Dofale anakweza diresi lake n'kupita komweko. Ndinadikira kuti awiriwo atsogole. Nyimbo yawo itafika patali, ndinatenga nkhwangwa yanga n'kuwatsatira.

Miyezi iwiri itapita, mawu anabwera pa wayilesi ya a Obaja. Sinale ali bwino. Wanenepa. Akuphunzira kubaya jakisoni pa malalanje, ndipo akuti malalanje sadandaula. Lamulungu loyamba la mwezi ndimatsika ku Wanggalo, ndimavala malaya, ndimakhala pa benchi yoyamba. Dofale amafika mochedwa, amandisunthitsa ndi chigongono, ndipo ulaliki wonse amandiuza zolakwa zanga zimene anaiwala kutchula tsiku lija. Wafika pa chakhumi ndi chinayi.